Pepala la atsibweni ndi nkhokwe za m'matumbo

Atsibweni anafika kwanga ku Area 25 Lachinayi madzulo osandiimbira foni. Ndinadziwiratu kuti pali nkhani, chifukwa munthu ameneyu sachoka ku Mitundu nthawi yosoka fodya pokhapokha kukhale maliro. Tiyi anakana. Anakhala pakhonde chipewa chili pabondo, n'kutulutsa m'thumba la jekete pepala lopindidwa kanayi.

"Inu aphunzitsi, tandiwerengerani ichi. Akuti mwina ndi khansa."

Amandiitana choncho akafuna kundiseleula, koma tsiku limenelo sankaseka. Papepalapo panali mzere umodzi wochekedwa ndi bolopeni yofiira: Chromogranin A. Nambala imene inali kutsogolo kwake inaposa malire kangapo konse. Ine ndaphunzitsa Biology kusekondale zaka zoposa khumi, koma mawu amenewo ndinali ndisanawatchulepo m'kalasi ndi kamodzi komwe. Ndinawauza zoona kuti andipatse usiku umodzi.

Nkhani yawo inali yakuti kwa miyezi ingapo m'mimba munkaotcha, nthawi zina kutsekula, ndipo lamba anali ataboola bowo latsopano. Mwana wawo wa ku Joni anatumiza ndalama kuti apite kuchipatala china cholipira mumzinda muno. Kumeneko anawalembera zoyeza zambirimbiri, magazi ena anatumizidwa kunja, ndipo patatha milungu itatu anawapatsa pepalali pamodzi ndi mawu aja oti khansa, basi n'kuitana wodwala wotsatira.

Usiku umenewo ndinatha bandulo ya sabata yonse ndikuwerenga, ndipo choyamba chimene ndinapeza chinali cholakwa changa. M'kalasi ndimajambula kapamba (uja pa Chingerezi amati pancreas) pabolodi, n'kuika muvi wolowa m'magazi, n'kunena kuti shuga akakwera kapamba amapanga insulini. Ana amalemba, pamayeso amakhoza. Komatu chiganizo chimenechi n'chopereŵera. Mukamadya nsima ya woyera masana, shuga akangoyamba kukwera m'magazi insulini yoyamba imatuluka m'mphindi zochepa chabe, pomwe kupanga yatsopano, kuipinda, kuidula ndi kuilongedza kumatenga ola limodzi kapena awiri. Thupi likanati lizidikira zimenezo, bwenzi lili ngati mayi wonyamuka kupita kuchigayo alendo atakhala kale pamphasa. Insulini imene imatuluka mukudya inapangidwa kale, inali m'nkhokwe.

Nkhokwe zake zili m'timagulu ta maselo tomwazikana m'kapamba ngati tizilumba. Anatiwona koyamba ndi Paul Langerhans mu 1869, akadali mwana wasukulu ya udokotala ku Berlin, ndipo sanadziwe n'komwe ntchito yake. Munthu ali nato pafupifupi 1 miliyoni, koma tonse pamodzi sitiposa magawo awiri pa magawo 100 a kapamba yense. Selo limodzi lopanga insulini limakhala ndi timatumba pafupifupi 10,000, tating'ono moti mutandandika 3,000 pamzere mpamene mungayandikire milimita imodzi. Shuga akakwera, timatumba tochepa tomwe tili kale pakhomo pa selo timatseguka n'kukhuthula, tambiri tija timatsala m'mbuyo kudikira. Kapamba wa munthu wamkulu amasunga mayuniti pafupifupi 200, pomwe pa tsiku amatulutsa ngati 40. Amene amabaya insulini tsiku ndi tsiku akudziwa kukula kwa nambala zimenezi kuposa ine.

Tsono apa mpamene mphunzitsi mwa ine anakhala tsonga. Chaka chilichonse ndimadula mbatatesi, zidutswa zina ndimaika m'madzi amchere, zina m'madzi wamba, kuti ana awone kuti madzi amalondola kumene kwachuluka zinthu zosungunuka. Za m'madzi amchere zimafota, za m'madzi wamba zimatupa n'kulimba. Madzi sayang'ana kukula kwa tinthuto, amangowerenga kuchuluka kwake. Ndiye kathumba kodzaza thothotho ndi homoni (mankhwala onyamula uthenga m'thupi, monga insulini) yongoyandama payokhapayokha kangayamwe madzi mpaka kuphulika. Selo limatani kuti lisunge zochuluka chonchi m'malo aang'ono chonchi?

Limazimanga pamodzi. Chikwi cha tinthu tikagwirana n'kukhala mbulu umodzi, madzi amawerenga chimodzi. Ntchito yomanga imeneyi ndi imene chromogranin A ndi abale ake, chromogranin B ndi secretogranin II, amagwira. Chromogranin A ndi puloteni yaitali, ya tizidutswa (ma amino asidi) 439 mwa munthu, yolobodoka ngati chingwe. M'malo mopanda asidi imangoyandama. Ikafika pamene pali kaasidi pang'ono ndi kashiamu wambiri, imagwirana yokhayokha n'kukokera mahomoni mkati. Amene anawonapo mkaka ukusanduka chambiko wawona zofanana nazo: mkaka ukasasa mapuloteni amagwirana n'kupanga timibulu. M'kathumba kokhwima pH (muyeso umene umatsika asidi akachuluka) imakhala pafupifupi 5.5, m'magazi ndi 7.4, ndiye kathumba kakatseguka mbulu uja umasungunuka ndipo homoni imamasuka. Chimene chinandiseketsa n'choti puloteni yomweyi mukaiwiritsa siuma ngati dzira, imakhalabe yosungunuka, ndipo ofufuza ankagwiritsa ntchito khalidwe limeneli poipatula ku mapuloteni ena. Kuwiritsa zonse, zouma n'kutaya.

Insulini ili ndi nzeru ina yowonjezera. Mamolekyu ake asanu ndi limodzi amazungulira timaatomu tiwiri ta zinki, ndipo magulu amenewa amasanjikizana mwadongosolo n'kupanga kamwala pakati pa kathumba. Amayi anga aang'ono amabaya insulini ya mitundu iwiri, yoyera ngati madzi ndi ina yambuu imene amayamba aipukusa m'manja. Amasunga mabotolo onse mumtsuko wa mchenga wonyowa chifukwa magetsi athu mukuwadziwa. Yambuu ija ndi insulini yomangidwa ndi zinki pang'ono komanso puloteni yotchedwa protamine yochokera ku nsomba, njira imene inakonzedwa ku Denmark mu 1946, kuti izisungunuka pang'onopang'ono pansi pa khungu. Opanga mankhwala anangobwereza m'botolo zimene selo limachita m'kathumba. Mbira zokha, zomwe ana amaweta kuseri kwa khitchini zija, n'zimene zinakana mwambo: insulini yake sigwira zinki ndipo sipanga magulu asanu ndi limodzi aja, koma zimakhala bwinobwino zikudya udzu wawo.

M'mawa ndinayesa kuwafotokozera atsibweni tikumwa phala. Ndinati taganizani chimanga chili pachitsononkho. Njere mazana zili phee pamalo amodzi, sizimwazika, mumaponya m'nkhokwe mosavuta. Chimene ayeza m'magazi mwanu si njere, ndi chitsononkho. Fanizoli silikwana kwenikweni, poti chromogranin silimba ngati chitsononkho, koma iwo analigwira.

"Ndiye chitsononkho chikufunanji m'magazi mwanga?"

Funso labwino. Kathumba kakatseguka sikasankha, zonse zimakhuthukira limodzi, njere ndi chitsononkho chomwe. Umu ndi mmene puloteniyi inadziwikira. Pafupi ndi impso iliyonse pali kachiwalo kotulutsa adrenaline, uja amagunditsa mtima mukakumana ndi galu wolusa usiku. Mu 1965 Peter Banks ndi Karen Helle anawona kuti kachiwalo ka ng'ombe kameneka kakamatulutsa adrenaline kamatulutsanso puloteni inayake nthawi yomweyo. Mu 1967 Hermann Blaschko wa ku Oxford ndi anzake anaipatsa dzina. Chiyambi cha dzinalo chikuchokera ku mchere wa chromium umene umadetsa maselo amenewa kukhala ofiirira, mapeto ake akutanthauza timatumba tija. Kenako anaipeza ponseponse pamene pali selo losunga mahomoni: m'kapamba, m'chifu, m'matumbo.

Za m'matumbozi ndi zimene sindinkaziganizira n'komwe. Tikati chiwalo chotulutsa mahomoni timaganiza kanyama kamodzi kogwirika. M'matumbo mulibe chotero. Maselo ake anamwazikana limodzilimodzi pakati pa anzawo oyamwa chakudya, pafupifupi limodzi pa 100 alionse, kuyambira m'chifu mpaka kumapeto. Ambiri amaoneka ngati botolo: kukamwa kopyapyala kumasuzumira kumene kukudutsa chakudya n'kumalawa, ndipo kumatako kotakata, koyang'ana mitsempha ya magazi, n'kumene kwaunjikana timatumba. Mukadya nsima ndi nthumbwana, phala lowawasa lochokera m'chifu likangofika m'matumbo aang'ono, maselo ena amakhuthula secretin, imene imauza kapamba kuti athire madzi a soda oziziritsa asidiyo. Imeneyi ndiyo homoni yoyamba kudziwika padziko, anaipeza William Bayliss ndi Ernest Starling ku London mu 1902 poyesa pa galu, ndipo mawu akuti homoni anabwera nawo ndi Starling yemweyo mu 1905. Mafuta a nthumbwana aja amadzutsa maselo ena amene amafinyitsa ndulu. Kumunsi kuli ena otulutsa GLP-1, imene imathandiza insulini kutuluka n'kuuza ubongo kuti mwakhuta, ndipo jakisoni wa Ozempic amene anthu akumukamba pa Facebook amangotsanzira imeneyi. Serotonin amene timamva kuti ndi wa mu ubongo, pafupifupi magawo 90 pa 100 ali m'matumbo, m'timatumba tomweti. Mahomoni osiyanasiyana, koma chomangira chake pafupifupi n'chimodzi.

N'chifukwa chake madokotala amayeza chromogranin A. Maselo amenewa nthawi zina amachulukana n'kupanga chotupa, ndipo chotupacho chimapitiriza ntchito ya makolo ake, kulongedza ndi kukhuthula. Siegfried Oberndorfer wa ku Munich anafotokoza zotupa zotere za m'matumbo mu 1907, n'kuzitcha dzina lotanthauza kuti zongofanana ndi khansa, chifukwa zambiri zimakula mochedwa. Zina zikathira serotonin wambiri m'magazi munthu amatsekula m'mimba kosalekeza, nkhope n'kumatentha. Steve Jobs wa Apple, amene anamwalira mu 2011, anali ndi chotupa cha mtundu umenewu m'kapamba. Mu labotale akadula kanyama ka chotupa amakapaka mankhwala ogwira chromogranin yokha, ndipo maselo akaderako pamaikulosikopu amadziwa mtundu wake. Pamenepo puloteniyi imathandiza zedi. M'magazi nkhani ndi ina. Ndiye sindikuti dokotala woyamba uja anaganiza zamisala, poti kutsekula ndi kuonda zinalipo. Chimene ndimamudandaulira n'choti anasiya funso limodzi losalira ndalama.

Funsolo anafunsa ndi dokotala wina wamkazi amene mnzanga wa kukwaya anatilozera Lolemba lake. Anayang'ana pepala lija kamphindi chabe.

"Bambo, pali mankhwala amene mukumwa?"

"Ayi adokotala, palibe."

Ine ndinakumbuka zimene ndinawona masiku anayi onse m'mawa, asanagwire supuni ya phala.

"Atsibweni, nanga timakapisozi tija mumameza m'mawa?"

"Aaa, amenewo ndi a zilonda za m'mimba basi. Ndimagula ndekha kufamase. Sanandilembere munthu."

Kwa iwo mankhwala ndi amene walemba dokotala m'buku la kuchipatala. Anapisa m'jekete n'kutulutsa kapaketi kotha theka. Omeprazole. Tsiku lililonse, chaka chachitatu tsopano. Dokotala uja anatsamira mpando, n'kutembenuza pepala lija n'kuyamba kujambula kuseri kwake.

Zimene anajambula n'zimenezi. M'chifu muli maselo otulutsa gastrin, homoni yoitanitsa asidi. Gastrin sapita mwachindunji, amadzutsa maselo ena otchedwa ECL, amenewo n'kukhuthula histamine, ndipo histamine ndi amene amalamula maselo opanga asidi. Asidi akakwana, maselo a gastrin amamva n'kukhala chete. Omeprazole amatseka pampu ya asidi kumapeto kwenikweni kwa mzerewu. Ndiye a gastrin aja asidi sakumumva, amangoitana mokweza, tsiku ndi tsiku. Maselo a ECL amayankha, amakula, amachulukana, amakhuthula timatumba tawo mosalekeza, ndipo kathumba kalikonse kamataya chromogranin A m'magazi. Zili ngati munthu woimba belu pageti la nyumba imene eni ake anasamuka. Anawonjezera kuti impso zofooka nazo zimakweza nambalayi chifukwa ndi zimene zimaichotsa m'magazi, ndiponso kuti omeprazole yemweyo amatsekula m'mimba anthu ena. Impso za atsibweni zinali bwino, zinalembedwa papepala lina lomwe palibe analicheka ndi bolopeni yofiira.

Sanawalonjeze kanthu. Anati asiye makapisoziwo milungu iwiri, abwere adzayezenso magazi, ndipo tsiku lomwelo adzapereke chimbudzi kuti afufuze kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, poti nako kamabisala munthu akamamwa omeprazole. Anawachenjeza kuti masiku oyamba m'mimba mudzaotcha kuposa kale, chifukwa maselo ochuluka aja akadali pomwepo ndipo pampu yatseguka. Anawapatsa mankhwala amadzi oyera oziziritsa. Anati nambala ikapanda kutsika, ndiye tiyambe kufunafuna ndi makina.

Ine pano ndimati kuyeza kumeneku n'kwabwino potsatira munthu amene chotupa chake chadziwika kale, koma kungokuponya pa aliyense wodandaula m'mimba, m'dziko limene omeprazole amagulidwa ngati maswiti, n'kugulitsa mantha pamtengo wokwera. Ndalama imene inapita pamzere umodzi uja ikanagula matumba angapo a feteleza.

Loweruka la pakati pa milungu iwiriyo kunali chinkhoswe cha msuweni wanga, ndiye tinapitira limodzi kumudzi. Anyamata anapha mbuzi kuseri kwa khola, ndipo ine m'malo mokhala ndi amayi anzanga kumaphikiro ndinakaima pamene ankatumbula. Ndinati andiwonetse kapamba. Mmodzi anakoka kanyama kofiira moderako, kaphwatalala, komatirira pachifu. Ameneyo ndi kapamba ndithu, amene amatupa mwana akamadwala malungo pafupipafupi, koma si amene ndinkafuna. Mawu athu amodziwa timatchulira ziwalo ziwiri zosiyana, ndipo ana anga a sukulu amasokonezeka nazo chaka chilichonse. Ndinapinda manja a bulauzi n'kulondola ndekha thumbo lochoka m'chifu chotsiriza. Pamene limakhota pafupi ndi chiwindi panali kanyama kotuwa mofiirira pang'ono, kofewa, ka timagawomagawo, kongoyala pa nembanemba popanda maonekedwe enieni. Nditakatsina kanaphwanyika pakati pa zala.

"Amenewo ndi mafuta, aunt," anatero mnyamata wa mpeni uja.

Si mafuta. Tizilumba tija tinali mmenemo, ngakhale maso sangatiwone. M'kapamba ngati ameneyu, koma wa nkhumba, ndi mmene Kazuhiko Tatemoto, Viktor Mutt ndi anzawo anapeza mu 1986 kapuloteni kamene kamachepetsa kutuluka kwa insulini. Anakatcha pancreastatin, ndipo posakhalitsa zinadziwika kuti ndi chidutswa chabe cha chromogranin A. Chidutswa china, catestatin, chinadziwika mu 1997, ndipo chimaletsa adrenaline kutuluka mopitirira. Ofufuza a ku San Diego mu 2005 anaweta mbewa zopanda chromogranin A n'komwe (za mu labotale, osati zapani za pamsewu wa ku Dedza). Zinakhala ndi moyo, koma timatumba tawo tinali tochepa ndi tating'ono, ndipo BP yawo inali yokwera. Ndiye chitsononkho chija sichitayidwa chikatuluka. Kwathunso timasonkhera moto.

Atsibweni anali atakhala pampando wa ndalema pafupi ndi nkhokwe yawo yakale, imene inapendekeka ndipo mumagona nkhuku. Chimanga masiku ano amakonola n'kusunga m'matumba kuchipinda kuopa akuba. Anali atagwira pachifuwa, nkhope itakwinyika, asidi akuwalanga monga ananenera dokotala. Ndinawapititsira kanyama kaja pa tsamba la nthochi, n'kuwauza kuti umu muli chakudya cha masiku angapo chosungidwa, kungoti ndi insulini. Anakayang'anitsitsa, n'kukakhudza ndi chala.

"Ndiye kuti thupi nalonso limaopa February."

Nyama ya tsiku limenelo sanadye. Anadya nsima ndi nkhwani wopanda mafuta, akuyang'ana mbale za anzawo ngati mwana wolangidwa.

Zotsatira zachiwiri zinabwera fodya woyamba atapita kale ku okushoni ku Kanengo. Chromogranin A inali itatsika n'kulowa m'malire. Helicobacter anapezeka. Kachilombo kameneka, kamene Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia anasonyeza m'zaka za m'ma 1980 kuti ndi kamene kamayambitsa zilonda zambiri za m'mimba, kanali kakukhala mwamtendere zaka zonsezo pansi pa makapisozi aja, ululu wokha ndi umene unkabisika. Dokotala analemba mankhwala a masiku 14, mitundu itatu, kumwa m'mawa ndi madzulo.

Tinakatenga mankhwalawo n'kuyenda wapansi kupita kudepoti. Tikudikira minibasi ya ku Mitundu kuti idzaze, anatsegula kajumbo kaja n'kuyamba kuwerenga mapaketi mmodzimmodzi, akusuntha milomo. Awiri oyamba anawabwezera. Wachitatu anamutembenuza kawiri, n'kumuyandikitsa kumaso.

"Naphiri, uyu si yemwe uja?"

Anali yemweyo, omeprazole. Ndinawafotokozera kuti maantibayotiki awiriwo amagwira bwino ntchito asidi akachepa, ndipo ulendo uno ndi masiku 14 okha, akatha basi. Anapukusa mutu, n'kunena kuti anthu a sukulu tili ngati a katapila, chimene takulanda ndi dzanja lamanja timakubwereka ndi lamanzere. Kondakitala anamenya chitseko kuti anthu akwere. Ali kale pampando anatsegula windo, n'kupisa m'thumba la mkati la jekete, n'kundipatsira mapaketi ena atatu osatsegula amene anagula okha mwezi wathawo.

"Sungani inuyo amenewa. Ndikakhala nawo ndidzamwa."

Ali m'dirowa ya tebulo langa kusukulu, pamodzi ndi choko ndi mpeni wodulira mbatatesi.